Mfuti zikakhala chete, mwana wa nkhondo aphunzire m'kalasi iti?

Kumapeto kwa 2024, chisankho cha ku Mozambique chitabala ziwawa, mabwato a pa Shire anayambanso kuwolotsa anthu amene sanabwere kudzagula kanthu pamsika. Amayi mitolo pamutu, makanda kumsana, ana okulirapo atagwira nsonga ya chitenje. Pasanapite masabata ambiri dzina la Nyamithuthu, msasa wa othawa nkhondo ku Nsanje, linamvekanso pa wayilesi. Kwa achinyamata ndi dzina chabe la malo, koma ife amene tinali titakula kale m'zaka za m'ma 1980 tinangoyang'anana. Tikukumbuka nthawi imene ku Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni mudzi, ndipo dziko lonse la Malawi linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni.

Nkhondo ija ya Frelimo ndi Renamo, amene kuno tinkangowatchula kuti Matsanga, inayamba mu 1977 n'kutha pa 4 Okutobala 1992, pamene pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anasainirana mgwirizano ku Rome. Zambiri za m'mapepalawo zinali za asilikali, zipani ndi chisankho. Koma mwana wobadwa chaka chimene nkhondo inayamba anali ndi zaka 15 tsiku losainalo, ndipo ambiri a msinkhu umenewo anali asanagwirepo pensulo, pakuti masukulu a kumidzi ankawotchedwa ndipo aphunzitsi ankasakidwa ngati anthu a boma. Mtendere wosainidwa kutaliko unayenera kudzasungidwa ndi anyamata ndi atsikana amenewa.

Ine ndinagwira choko m'chigwa muno zaka zimenezo, ndiye nkhani ya sukulu sindiitenga ngati ndiwo yoonjezera imene imabwera akuluakulu atamaliza zofunika. Njira zake zilipo zingapo. Zina zinayesedwa pakhomo pathu pomwe, zina kumaiko akutali, ndipo iliyonse ili ndi pamene imaluma.

Sukulu yawoyawo, kapena kalasi imodzi ndi ana athu

M'misasa ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu ku Nsanje, ndi Kunyinda ku Chikwawa, njira imene inatsatidwa inali ya sukulu yawoyawo. Ana ankaphunzira silabasi ya kwawo, m'Chipwitikizi, ndipo aphunzitsi ambiri anali othawa nkhondo anzawo. Ganizo lake linali lija la akale lakuti mlendo ndi mame. Anthuwa adzabwerera, ndiye mwana aphunzire zimene akazipeze kwawo.

Pa nkhondo imeneyo ganizoli linapindula. Anthu atayamba kubwerera, makamaka pakati pa 1993 ndi 1995, mwana wochokera ku msasa ankatha kukalowa kalasi ku Mutarara kapena ku Morrumbala osayambiranso pachiyambi. Aphunzitsi nawo anabwerera ndi luso lawo lisanachite dzimbiri, m'dziko limene linkasowa aphunzitsi koopsa. Pali phindu lina limene sililembedwa m'malipoti. Sukulu ya chinenero cha kwanu imauza kholo tsiku ndi tsiku kuti kwanu kukadalipo, ndipo kholo loteroli silizengereza kupakira katundu mtendere ukabwera.

Kuipa kwake ndinakuona ndi maso. Ana a m'mudzi ankaima chapatali kuyang'ana anzawo a ku msasa akulandira makope atsopano, pamene iwo kope limodzi ankaligawa pakati, masamu kutsogolo Chichewa kumbuyo. Madzulo nkhani imeneyo inkafika pa mkeka wa makolo, ndipo inkakumana ndi madandaulo ena a nkhuni zimene zikutha ndi malo olima amene achepa. Chidani chimamera mosavuta pamene mwana wina wapatsidwa, wina wangoonerera. Chodabwitsa n'chakuti ana amenewa akakumana kumtsinje ankamvana bwinobwino m'Chisena. Amene ankawalekanitsa ndi sukulu.

Njira inayo ndi yowalowetsa m'masukulu a boma a dziko lowalandira. Kuyambira mu 2012 bungwe la United Nations loona za othawa kwawo la UNHCR lakhala likukankhira kumeneku, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mame ena sakamuka. Msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa mu 1994, ndipo alipo anthu amene anabadwira pomwepo n'kuberekeranso pomwepo. Mwana wotere mukamuphunzitsa silabasi ya dziko limene sanalionepo, mwamukonzekeretsa ulendo umene mwina sadzauyenda. Ndipotu kuno kwathu njirayi inkachitika kale mwakachetechete. Mabanja ambiri sanapite kumsasa. Anafikira kwa achibale, nyakwawa n'kuwaloza pomanga, ana n'kulembetsa pa sukulu ya m'mudzimo ngati adzukulu a uje, ndipo ena a iwo anakhoza mayeso a Sitandade 8 palibe anawafunsa za kumene anabadwira.

Vuto lake tonse tikulidziwa. Makalasi athu ngodzaza kale. Chiyambire maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, pamene chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, nyumba zophunziriramo sizinakwanepo. Kuno kuchigwa timaonjezerapo madzi. Mu 2015, mu 2019 ndi Idai, mu 2022 ndi Ana, mu 2023 ndi Freddy, makalasi anasanduka pogona anthu, madesiki ataunjikidwa pakona, miphika ili pa mafuwa pabwalo la mpira. Ndiye mukauza ahedi a ku Tengani kapena ku Makhanga kuti alandire ana ena mazana angapo popanda mphunzitsi woonjezera, akuvomerani ndi pakamwa pokha.

Ndikaziika pa sikelo, ine ndimapendekera ku kalasi imodzi, koma pali zinthu ziwiri zimene siziyenera kusowa. Thandizo lipite ku sukulu yonse, osati kwa mwana chifukwa cha khadi la msasa. Ngati kwabwera makope, phala kapena chimbudzi chatsopano, wa m'mudzi ndi wa kutsidya alandire mofanana, kuti makolo aziti alendowa abwera ndi mwayi. Chachiwiri, masana pakhale ola la Chipwitikizi, wophunzitsa akhale mmodzi wa othawawo, kuti khomo lobwerera lisatsekeke. Sukulu yawoyawo ndingaivomere pokhapokha anthu achuluka kwambiri moti sukulu za m'deralo zingamire, monga zinaliri ku Nsanje nthawi ija.

Za chinenero ndingoonjezera pang'ono. Ku Guatemala, mapangano amene anathetsa nkhondo ya zaka 36 mu 1996 analonjeza kuti ana a mtundu wa Maya aziphunziranso m'zinenero zawo, chifukwa kunyozedwa kwa zinenerozo kunali mbali ya chilonda. Mozambique nayo mu 1993 inayamba kuyesa kuphunzitsa m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, kenako inakuza njirayi n'kuphatikizapo Chisena. Ife tili ndi mwayi umene ambiri alibe. Malire a pa Marka anadula dziko, sanadule lilime. Mphunzitsi wa Sitandade 1 wodziwa Chisena angathe kulandira mwana wa ku Vila Nova tsiku loyamba lomwelo osafuna womasulira.

Mnyamata wandevu mu Sitandade 2

Chaka china ndinali ndi mnyamata wa zaka pafupifupi 15 m'kalasi ya ana a zaka 7 ndi 8. Ankakhala kumbuyo kwenikweni, atapinda mawondo mpaka pachibwano, chifukwa miyendo yake inalibe poiika. Ndikamuloza kuti awerenge, mawu ake aakulu ankangoti atuluke, tiana tonse n'kuphulika kuseka. Masamu a pamtima ankawaposa onse, poti anali atagulitsapo nsomba. Koma kulemba dzina lake inali nkhondo ina. Nyengo yokolola thonje itafika anapita kukagwira ganyu, ndipo malo ake kumbuyo kuja anangokhala opanda munthu mpaka chaka chinatha.

Kumusiya mwana wotere m'kalasi wamba ndi njira yotchipa kuposa zonse, ndipo ndi imene imachitika pakakhala kuti palibe waganizapo. Imataya ambiri. Amene imawataya ndi omwe aja amene wandale kapena mkulu wa zigawenga amawafuna: amphamvu, okwiya, opanda chochita.

Ku Liberia ndi ku Sierra Leone anayesa sukulu yachidule, yopanikiza zaka 6 za pulayimale m'zaka 3, ya ana opitirira msinkhu okhaokha. Mgwirizano wa mtendere wa ku Lomé wa mu 1999 unali utalonjeza maphunziro aulere a zaka 9 zoyambirira kwa ana a ku Sierra Leone, ngakhale kuti mfuti zinapitirira kulira mpaka 2002. Ubwino wa sukulu yachidule ndi wakuti mnyamata amakhala ndi amsinkhu wake, palibe womuseka, ndipo mapeto amawaona ali pafupi. Nthawi yolowera ingathenso kusinthidwa kuti ayambe wapita kudimba. Kufooka kwake n'kwakuti nthawi zambiri imayenda ndi ndalama za mabungwe, ndipo bungwe likapakira, kalasi imatsekedwa ana ali pakati. Imafunanso mphunzitsi waluso kuposa wa kalasi wamba, pamene kawirikawiri imapatsidwa wongodzipereka wophunzitsidwa masabata ochepa. Ndipo ngati pomaliza mwana salemba mayeso a boma omwe anzake amalemba, zaka zitatuzo zathera pa pepala limene palibe akulidziwa.

Palinso njira ya ntchito zamanja: ukalipentala, kusoka, kuwotcherera. Imakoma pa chithunzi, ndipo kwa wamkulu amene ali kale ndi banja ndi yoyenera. Koma yendani pa Bangula kapena pa Nchalo muwerenge matelala amene akhala pakhonde kudikira kasitomala. Mukaphunzitsa anyamata makumi atatu ntchito imodzi pamsika umodzi, mwangochulukitsa anthu okhumudwa okhala ndi macheka. Ntchito yamanja yopanda kuwerenga ndi kuwerengera imamusiya munthu akuberedwa ndi aliyense wodziwa kulemba lisiti.

Atsikana amaiwalika m'njira zonsezi. Ambiri amatuluka m'nkhondo ali ndi mwana kumsana amene sanamufune. Malawi ili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka kuyambira 1993, koma chilolezo pachokha sichilera khanda. Kalasi yachidule yokhala ndi agogo awiri oyang'anira makanda pamthunzi imabweza atsikana ambiri kuposa msonkhano uliwonse wowalimbikitsa.

Amene anagwira mfuti

Apa njira ndi ziwiri. Mu 1988 ku Lhanguene, mumzinda wa Maputo, kunatsegulidwa malo osungirako anyamata amene anali m'manja mwa Renamo, kuti athandizidwe maganizo asanabwezedwe kwa abale awo. Malo otere amathandiza mwana amene wavulala kwambiri mumtima, koma amafikira ochepa, ndipo mwana akakhalitsako dzina lakuti "uja wa kunkhondo" limamumatirira.

Ana ambiri a ku Mozambique sanadutse kumalo otere. Anangobwerera kumudzi, ndipo mudzi unachita zimene umadziwa. Mwana asanalowe m'nyumba ankamuvula zovala za kunkhondo n'kuziwotcha, kumusambitsa madzi a mankhwala, kudziwitsa mizimu ya makolo kuti wabwera, ena kumupempherera kutchalitchi. Zikatha, anthu ankamutenga ngati munthu watsopano. Ife a m'chigwa cha Mbona sitifuna kutanthauziridwa zimenezi. Mphamvu ya mwambowu ili pakuti suchiza mwana yekha, umamasulanso anansi kuti alole ana awo kukhala naye desiki imodzi. Ndinene poyera kuti ndikukamba za madzi, moto ndi pemphero. Zija za kusasa fumbi ndi kulowa kufa, zimene zatinyozetsa kuno kwa zaka zambiri, si kuyeretsa, ndi nkhanza, ndipo mtsikana wobwera kunkhondo waona kale zokwanira.

Mwambo wokha sukwanira. Ulipo usiku umene mwana amadzuka akukuwa ngakhale anasambitsidwa. Chimene chimamugwira pang'onopang'ono ndi belu la m'mawa uliwonse, dzina lake kuitanidwa m'kaundula pakati pa maina ena, kupatsidwa tsache ngati wina aliyense. N'chifukwa chake Graça Machel, amene anakhalapo nduna ya maphunziro ku Mozambique, mu lipoti lake la mu 1996 ku bungwe la United Nations anaumirira kuti sukulu isamadikire nkhondo kutha, iziyenda limodzi ndi chakudya ndi mankhwala.

Za nkhondoyo tiwauze chiyani

Ili ndiye funso limene aphunzitsi amaliopa. Tangoganizani kalasi imene muli mwana amene bambo ake anali msilikali wa boma, pambali pake mwana wa Matsanga, ndipo mphunzitsi mwiniyo anaika m'manda mchimwene wake.

Mozambique inasankha kukhala chete. Mu 1992 kunakhazikitsidwa lamulo lokhululukira onse, ndipo sikunakhale komiti yofufuza choonadi ngati ya ku South Africa. Rwanda, kuphana kwa mu 1994 kutatha, inaimitsa kuphunzitsa mbiri ya dzikolo m'masukulu kwa zaka zoposa 10. Chete ali ndi ntchito yake. Bala likadali laliwisi salikanda, ndipo anthu amene ayenera kutunga pa mjigo umodzi mawa m'mawa amafuna kaye mpata wopuma. Koma sukulu ikakhala chete, kunyumba sakhala chete. Mwana amamva mbiri kwa amalume ake pamoto, mbali imodzi yokha, yothira tsabola. Sindikunena kuti chete yekhayo ndiye anabweretsanso mfuti ku Mozambique mu 2013, pakuti panali nkhani za ulamuliro ndi chuma. Komabe tinaonanso anthu akuthawira ku Kapise ku Mwanza, n'kusamutsidwira ku Luwani ku Neno mu 2016, ndipo panafunika mgwirizano wina, wa pulezidenti Filipe Nyusi ndi mtsogoleri wa Renamo Ossufo Momade pa 6 Ogasiti 2019.

Njira yoipitsitsa mwa zonse, m'kuona kwanga, ndi ya mbali iliyonse kuphunzitsa mbiri yakeyake. Ku Bosnia, nkhondo itatha ndi mgwirizano wa ku Dayton mu 1995, m'madera ena munabadwa masukulu awiri pansi pa denga limodzi: ana a mtundu wa Bosniak ndi a mtundu wa Croat m'nyumba imodzi, koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi osiyana, kwina ngakhale makomo kapena nthawi zolowera. Zinayamba ngati zongoyembekezera, kuti mabanja othawa alimbe mtima kubwerera. Mpaka lero zilipo. Zongoyembekezera za m'sukulu zimamera mizu msanga, chifukwa pamakhala ahedi awiri ndi malipiro awiri amene palibe akufuna kuwataya.

Ku Northern Ireland makolo ena sanadikire andale. Mu 1981 anatsegula Lagan College ndi ana 28, Akatolika ndi Apulotesitanti pamodzi, nkhondo ikadali mkati. Mgwirizano wa ku Belfast wa mu 1998 unalimbikitsa masukulu osakanizawa, komabe mpaka pano mwa ana khumi alionse, ophunzira m'masukulu otere sakwana ndi mmodzi yemwe. Kusakaniza kongodalira kufuna kwa makolo kumayenda ngati kamba.

Sierra Leone inachita china chimene ndimachisirira. Komiti yawo ya choonadi inamvanso umboni wa ana, ndipo mu 2004 inatulutsa lipoti lolembedwa mwapadera kuti ana alimve. Kulemba buku n'kwina, kulifikitsa m'kalasi ya kumudzi n'kwina, koma mphunzitsi amakhala ndi poimira. Sanena maganizo ake, amawerenga zimene dziko lavomereza kuti zinachitika, kuchokera kumbali zonse. Ndikanafunsidwa, ndikanati chete akhale wa zaka zowerengeka zodziwikiratu, ndipo zaka zimenezo zigwire ntchito yolemba buku ndi kukonzekeretsa aphunzitsi, oyamba kukhala pansi n'kukambirana akhale aphunzitsiwo paokha.

Phunziro la mtendere pa bolodi

Maiko ena amaika mtendere pa ndandanda wa maphunziro ngati masamu. Colombia inachita zimenezi ndi lamulo la mu 2014. Sindikutsutsa, ndipo n'zosavuta kuyambitsa. Kungoti ndinaonapo mphunzitsi akulemba pa bolodi za kukhululukirana, m'dzanja lina atagwira mkwapulo. Mwana amene waona anthu akumenyedwa mpaka kufa amaphunzira ku dzanja la mkwapulolo. Ndalama zikakhala zochepa, ine ndingayambe ndi malipiro ofika pa nthawi yake kuti mphunzitsi asathawe kutentha kwa Okutobala kuno, kenako phala, chifukwa chaka cha njala, pamene mabanja akudya nyika za m'dambo, mwana amatsata kumene kuli kapu yofunda. Phunziro la mtendere libwere pambuyo pa zimenezi.

Kwa a komiti ya sukulu ndi ahedi a m'mbali mwa Shire, amene mwina mudzaonanso mabwato aja, pali kanthu kamodzi kosafuna bungwe lililonse. Mwana wa kutsidya akafika, mulembeni m'kaundula tsiku lomwelo, ngakhale alibe pepala lililonse, ndipo kalasi yake muipeze pomuyesa kuwerenga ndi masamu, osati pomuyang'ana kutalika. Tsiku lobwerera kwawo mumulembere kalata yonena kalasi imene wafika ndi zimene waphunzira, mbali ina m'Chingerezi, mbali ina m'Chipwitikizi mothandizidwa ndi mmodzi wa makolowo, ndipo ahedi adindepo chidindo cha sukulu. Muwauze amayi ake aikulunge m'pepala la pulasitiki la shuga asanakwere bwato.